Ku Amsterdam kukalondola mabwinja a m'zithunzi za Ed van der Elsken

Lolemba usiku, pa doko la Dover

Basi yaima pamzere kwa nthawi yaitali. Dalaivala wazimitsa injini, ndiye chisanu cha Novembala chayamba kukwera kuchokera kumapazi. Tinanyamuka pa Victoria, ku London, kutada kale. Tikiti ndinagula mapaundi 36 ulendo wopita wokha. Ya sitima yodutsa pansi pa nyanja inali yopitirira 100, choncho sindinachedwe n'kusankha.

Apolisi a ku France amaonera mapasipoti konkuno tisanawoloke. Tinatsika tonse n'kukaima pamzere m'kachipinda kowala kwambiri. Viza yanga ili bwinobwino, koma mtima unkangoti phaphapha mpaka atandibwezera pasipoti. Ya kwathu amaiyang'ana motalikirapo, tsamba ndi tsamba. Mayi wina wa ku Eritrea amene takhala mpando umodzi anandidikira pakhomo mpaka nditatuluka, chonsecho sitinalankhulane chichokere ku London. Titabwerera m'basi anandinyemera buledi wawo.

Chandinyamula ndi buku la zithunzi. Kuntchito kwanga, kunyumba yosamalirako okalamba, kuli agogo ena obadwira ku Amsterdam amene amalisunga pafupi ndi bedi. Zithunzizo n'za mu Amsterdam, anajambula Mdatchi wina dzina lake Ed van der Elsken pakati pa 1947 ndi 1970, ndipo bukulo linatuluka mu 1979. Muli nyumba zazitali zopendama, zochirikizidwa ndi mitengo ikuluikulu kuti zisagwere mumsewu. Muli mipata pakati pa nyumba, yodzaza zidutswa za njerwa, ana akusewera momwemo. Muli anthu ogulitsa zinthu zakale zoyala pansi.

Ndisanabwere kunja kuno ndinkajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Blantyre, ndipo ndinakula ndikuona azungu akubwera ndi makamera kudzajambula umphawi wathu. Uyu anajambula umphawi wa kwawo, wa pakhomo pake penipeni, ndipo anthu a m'zithunzizo akumuyang'ana m'maso, ena akuseka, ena akuoneka kuti akumukalipira. Agogowo ndikawafunsa chinagwetsa nyumbazo amangoti "nkhondo", n'kutseka buku. Ndiye ndinapempha tchuthi kuti ndikaone ndekha.

Akuti tikwera chombo cha 1 koloko usiku. Maso akulemera.

Lachiwiri, Amsterdam-Noord

Calais tinadutsa ndili m'tulo. Ndinadzidzimuka tili ku Antwerp kukadali mdima, kenako Rotterdam kukucha, mvula yowaza ikutsetsereka pagalasi. Dziko lonse lathyathyathya: ngalande, ng'ombe, mitengo yopanda masamba. Basi yatitula pa Sloterdijk, kunja kwa mzinda, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Chimbudzi cha pasiteshoni n'cholipira, ndipo ndangogunditsa khadi la kubanki pachitseko. Pafupifupi zonse kuno ndi khadi: sitima, tiramu (sitima yoyenda mumsewu), khofi. Khofiyo mayuro 3.50 kakapu kakang'ono.

Pogona ndapeza kutsidya la madzi a IJ, ku Noord, dera la kumpoto kwa mzinda. Bedi m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, mayuro 41 usiku umodzi, msonkho wa alendo wa 12.5 peresenti uli momwemo. Chandisangalatsa n'chakuti kuseri kwa siteshoni yaikulu ya Centraal kuli mabwato owolotsa anthu ulere, usana ndi usiku. Mphindi zochepa wawoloka. Anthu amakwera ndi njinga zawo, ndipo chitseko chikangotsika amatuluka onse nthawi imodzi.

Njingazo ndiye zandiopsa. Zili ndi njira yakeyake yofiirira, ndipo ukapondamo mosadziwa sakuimira, amangoliza belu. Ndayenda tsiku lonse ndikucheukacheuka.

Madzulo ndinakakamiza thupi kupita ku bwalo la Nieuwmarkt, wapansi kuchokera pa Centraal kudzera mu Zeedijk, msewu wopapatiza wa malesitilanti a Atchaina, abakha ootcha atapachikidwa m'mawindo. Pakati pa bwalo pali chinyumba cha nsanja zosongoka, De Waag. Chinamangidwa mu 1488 kuti chikhale chipata cha mzinda, kenako chinasanduka poyezera katundu wa amalonda. Van der Elsken atabwerako ku Paris, komwe anapita mu 1950, anadzakhala pompano, mu Koningsstraat, kamsewu kochoka pabwaloli. Ndinakalowa. Nyumba zili chilili, zopaka utoto, maluwa m'mawindo, njinga zomangirira pa zitsulo. Mtengo wochirikiza khoma palibe ngakhale umodzi. Ndinaima pamenepo ndi masamba a bukulo omwe ndinawajambula pafoni, ndikuyerekeza, mvula ikulowa m'khosi. Chomwe ndinachizindikira mosakaika ndi nsanja za De Waag zokha.

Ndadya chipisi cha mayuro 4.50 cha m'kapepala kopinda, chothira mayonezi pamwamba. Nsapato zanyowa, ndaziika pa chotenthetsera chipinda.

Lachitatu, Vijzelstraat

Tsiku lonse ndathera ku nyumba yosungira zakale za mzinda, Stadsarchief. Ndi chinyumba cha njerwa chamizeremizere, chomalizidwa mu 1926, chomwe kale chinali likulu la kampani yaikulu yochita malonda ndi maiko omwe Adatchi ankawalamulira. Kunsi, komwe ankasungira ndalama, amalowetsa ulere. M'katimo n'mofunda, ndipo sindibisa, kufundako kunandithandiza kukhalitsa.

Bambo wina wa imvi wogwira ntchito kumeneko anandionetsa kafufuzidwe ka zithunzi pa kompyuta: ukalemba dzina la msewu, zimabwera zithunzi zake za zaka zosiyanasiyana. Nditawaonetsa za pafoni yanga anandilembera mayina pakapepala: Jodenbreestraat, Weesperstraat, Uilenburg, Waterlooplein. Anandilangiza kuti ndiyambe ndi za m'ma 1930 ndisanaone za m'ma 1950.

Za m'ma 1930 zili ndi anthu piringupiringu, ngolo za zipatso, zovala zoyanika, nyumba zogundana popanda mpata. Dera lonseli linali la Ayuda. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanafike, mu Amsterdam munali Ayuda pafupifupi 80,000. Ajeremani atalanda dzikoli mu Meyi 1940 anayamba ndi kuwalemba m'kaundula ndi kuwachotsa ntchito, ndipo kuyambira Julaye 1942 ankawakweza sitima kupita ku msasa wa Westerbork, n'kupitirira nawo kumisasa yophera anthu ya Auschwitz ndi Sobibor. M'dziko lonse anatengedwa pafupifupi 107,000. Anabwerako ongopitirira pang'ono 5,000. Pofika kumapeto kwa 1943 misewu yathunthu inali ya nyumba zotseka, katundu wa m'katimo atatutidwa kale.

Pakati pa Amsterdam sipanagwe mabomba onga omwe anapsereza Rotterdam pa 14 Meyi 1940. Zinagwetsa nyumbazi ndi chisanu ndi njala. Mu Seputembala 1944 ogwira ntchito za njanji ananyanyala, pomvera boma lawo lomwe linathawira ku London, ndipo Ajeremani pobwezera anatseka njira za chakudya chopita kumizinda ya kumadzulo kwa dzikoli. Malasha anasowa, gasi ndi magetsi zinadulidwa, ngalande zinaundana moti mabwato a katundu anasiya kuyenda. Anthu anafika podya mizu ya maluwa a tulip. Anamwalira pafupifupi 20,000. Ine amene ndinaona njala ya 2002 ndili mwana, anthu akusinja zitsa za nthochi, sindingaweruze munthu wosaka nkhuni zophikira ana ake. Anadula mitengo ya m'misewu, anazula timatabwa ta pakati pa njanji za tiramu, kenako analowa ndi macheka m'nyumba zopanda anthu zija. Anayamba ndi zitseko ndi mafelemu a mawindo, n'kubwera pa masitepe ndi matabwa oyala pansi, pomaliza mitanda yeniyeni yogwira makoma. Nyumba za kuno n'zopapatiza, zazitali, zokhala pa mizati yamitengo yokhomeredwa m'matope, ndipo zimatsamirana. Ukachotsa mitanda ya imodzi, imagwera m'kati, zoyandikana nazo n'kuyamba kupendama. Mitengo yochirikiza ija gwero lake ndi limeneli.

M'zithunzi zambiri za zaka zotsatira, khoma la nyumba yotsala limaonetsabe pomwe panakwera masitepe a nyumba yomwe inagwa, ndi mizere ya zipinda nsanjika ndi nsanjika. Apa panali pophikira, apa pogona. Ndinayang'ana makoma amenewa nthawi yaitali kuposa china chilichonse lero.

Van der Elsken anabadwira mumzinda womwewu mu 1925, ndiye zonsezi ankazidziwa. Mtima wake unali pa amoyo: anyamata a tsitsi lopaka mafuta ndi njinga zawo zamoto, atsikana amapasa ovala zofanana pa Nieuwmarkt, zidakwa, amalinyero, amayi a pamsika. Mabwinja amakhala kumbuyo kwawo. Pena ndimamudandaula pa chimenechi, poti wosadziwa mbiri angaone zithunzizo n'kungoti kunali umphawi basi. Komabe akanajambula njerwa zokhazokha, sindikanalitsegulanso bukulo, ndipo sindikanafika pano kudzamva za eni nyumbazo.

Ndisanatuluke bambo aja anandisimbira nkhani ina. Mu 2011 ophunzira omwe ankagwira ganyu yosanja mafayilo akale a khonsolo anapeza makalata a Ayuda opulumuka. Atabwerako, khonsolo ya mzinda inawalipiritsa lendi ya malo ya zaka zomwe anali kumisasa kapena kobisala, n'kuonjezerapo chindapusa cha kuchedwa kulipira, ena nyumba zawo zitalandidwa kapena zitagwa kale. Mu 2016 mzinda unapereka mayuro 10 miliyoni kwa Ayuda a mu Amsterdam chifukwa cha nkhaniyi. Ndinatuluka kutayamba kuda, n'kuzindikira kuti sindinadye chiyambire m'mawa.

Lachinayi, Waterlooplein mpaka Weesperstraat

Mvula yakata, yatsala mphepo. Msika wa Waterlooplein ulipobe, koma wapanikizidwa kuseri kwa chinyumba cha khonsolo ndi zisudzo chomwe amachitcha Stopera, chomangidwa m'zaka za m'ma 1980. Chinyumbacho chakhala pa Vlooienburg, pomwe panali misewu ya Ayuda. Zotsala zake anazigumula kuti chimangidwe. Kaunjika alipo, majekete achikopa, nsapato za asilikali, malekodi, makamera akale. Ndagula juzi yaubweya mayuro 10, anayambira 15.

Bambo wachikulire wogulitsa makamera anaona ndikuyang'anitsitsa ina ya magalasi awiri, yoonera pamwamba, n'kundilola kuigwira. Ya mtundu umenewu, Rolleicord, ndi yomwe Van der Elsken ankajambulira m'zaka zake zoyamba. Umaigwirira pamimba n'kuweramira kagalasi, choncho nkhope yako siibisika, ukhoza kucheza ndi munthuyo uku ukujambula. Filimu imodzi zithunzi 12 basi. Amene tinaphunzirira pa filimu timadziwa mmene chala chimaganizira chisanadine, komanso nkhawa yodikira kuti zithunzi zitsukidwe. Mtengo wake mayuro 180. Ndinaibweza pathebulo mwaulemu. Bambowo anandithirira khofi wa m'fulasiki yawo, ndipo za komwe ndikuchokera anandifunsa nditamaliza kumwa.

Mu Jodenbreestraat, mbali imodzi kuli nyumba zakale, kuphatikiza ya Rembrandt, wojambula wotchuka wakale, yomwe alendo anali ataima pamzere. Sindinalowe. Mbali inayo ndi ya nyumba zatsopano zokhazokha. Inagumulidwa yonse m'zaka za m'ma 1960 kuti msewu ukule, ndipo mu 1971 anamangapo chinyumba chachitali chasimenti chomwe anthu anadana nacho mpaka chinagwetsedwa mu 1994.

Apa m'pamene pali gawo lachiwiri la nkhaniyi, ndipo landipweteka mwina kuposa loyamba, chifukwa panalibenso nkhondo kapena njala yoti n'kunamizira. Eni nyumba ambiri kunalibe, ndipo okonza mapulani a mzinda anaona mabwinjawo ngati mwayi: padutse msewu waukulu wa magalimoto, pamangidwe maofesi. Nyumba ikangolowa pamapu a zodzagumulidwa, palibe amaikonza. Denga likadontha, lidonthe. Khonsolo inkakhoma kachikwangwani pakhomo konena kuti nyumbayo siyoyenera kukhalamo anthu, koma nyumba zinali zosowa m'dziko lonse moti ambiri ankakhalamobe, ndipo ongokwatirana kumene ankapanikizana ndi makolo. Kuwola kunapitirira zaka 20, kwina 30. Ana a m'zithunzi za m'ma 1960 anabadwa nkhondo itatha, koma akusewerabe m'mabwinja ake.

Ndinadutsa pa bwalo la Jonas Daniël Meijer, pomwe pali chiboliboli cha munthu wogwira ntchito padoko. Chimakumbutsa sitiraka ya pa 25 Febuluwale 1941, pomwe anthu a mumzinda ananyanyala ntchito, matiramu n'kuima, pokwiya ndi kugwidwa kwa amuna achiyuda oposa 400 pabwalo lomweli ndi misewu yozungulira.

Kenako Weesperstraat. Kale unali msewu wopapatiza wa mashopu. Lero ndi chimsewu chotakata, phokoso lokhalokha, maofesi uku ndi uku. M'mbali mwake, motsikira pang'ono, muli makoma a njerwa omwe anatsegulidwa mu Seputembala 2021. Njerwa iliyonse ili ndi dzina, tsiku lobadwa ndi zaka zomwe munthuyo anali nazo pophedwa. Zilipo zoposa 102,000, za Ayuda, ndi zina 220 za anthu a mitundu yotchedwa Sinti ndi Roma. Zasanjidwa motsata zilembo, ndiye dzina la banja limodzi limatha kudzaza mizere yambirimbiri. Ndinayamba kuwerenga zaka zokha, agogo, makolo, makanda, mpaka miyendo inalefuka ndinakhala pansi. Anthu amasiya timiyala pansi pa mayina. Nanenso ndinatola kamodzi n'kuika pa dzina la mwana amene sindikumudziwa.

Masana ndinadya hering'i, nsomba yaiwisi yamchere yothira anyezi, m'kabanzi, mayuro 5. Yoterera pakhosi, koma yatsika.

Lachisanu, pansi ndi pamwamba pa Nieuwmarkt

Ndagula tikiti ya tsiku lonse ya metro (sitima ya pansi pa nthaka) ndi tiramu, pafupifupi mayuro 10, n'kutsikira pa siteshoni ya pansi ya Nieuwmarkt. Anthu amangodutsa mothamanga, koma pamakoma pali zokumbutsa zipolowe za mu 1975.

Njanji imeneyi sanaibowole pansi pa nyumba. Nthaka ya kuno ndi matope, ndiye ankamanga zimabokosi zasimenti pamtunda, n'kumakokolola dothi la pansi pake ndi madzi mpaka bokosi litamira pomwe akulifuna. Chilichonse chomwe chinali pamzere wa njanjiyo chinayenera kuchoka kaye, nyumba zowola ndi zabwinobwino zomwe. Achinyamata osowa pokhala anali atathyola maloko a nyumba zosiyidwa n'kuzikonza okha, ndipo anagwirizana ndi anthu akale a m'deralo omwe sankafuna kusamutsidwa. Mfundo yawo inali yakuti pokhala ndi ufulu wa munthu, si chifundo cha wina. Pa 24 Marichi ndi pa 8 Epulo 1975 apolisi anabwera ndi magalimoto opopera madzi ndi utsi wokhetsa misozi kudzawatulutsa. Nyumbazo zinagwa, njanji inadutsa, ndipo sitima zinayamba kufika pa Centraal mu 1980. Koma khonsolo inaimitsa mapulani a njanji zina zapansi kwa zaka zambiri. Yodutsa kuchokera kumpoto kupita kum'mwera inadzatsegulidwa mu 2018, ndipo pakati pa mzinda anachita kuibowola pansi.

Msewu waukulu uja unali utagonja kale. Mu Sint Antoniesbreestraat muli nyumba yoyera ya banja la De Pinto, Ayuda olemera ochokera ku Portugal a m'zaka za m'ma 1600. Pofika 1970 inali itatsala pafupifupi yokha pakati pa malo ogumulidwa, pomwe msewuwo unayenera kudutsa. Anthu anaikakamira, ndipo mu Januwale 1972 makhansala anaukana msewuwo ndi mavoti 22 kwa 21. N'chifukwa chake chimsewu cha dzulo chija sichinalowe mpaka kuno. Pamwamba pa njanji anamanganso nyumba za lendi yotsika, za mawindo ambiri ndi utoto wowala, motsata mizere ya misewu yakale. Mapulani ake ambiri anajambula Theo Bosch ndi Aldo van Eyck. Si zokongola zonse, koma mumakhala anthu, makatani ndi njinga za ana zikuoneka.

M'nyumba ya De Pinto lero muli malo owerengera, oyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, kudenga kuli zojambula zakale. Ndinalowa kuthawa mphepo. Mayi wina wachikulire amene ankawerenga nyuzipepala anaona zithunzi pafoni yanga n'kusendera pafupi. Anandiuza kuti anabwera m'derali ali mtsikana, m'nyumba yothyola loko, yopanda bafa, ndipo akukhalabe kuno chifukwa nyumba yawo ndi ya lendi yotetezedwa. Mwana wawo anasamukira ku mzinda wina, Almere. Kugula kuno sangathe, ndipo mndandanda wa nyumba za lendi yotsika umadikiritsa zaka zoposa 10. Dera linapulumuka, koma anthu onga a m'zithunzi zija, ogulitsa zakale ndi onyamula katundu padoko, lero sangalowemo mwatsopano.

Nditati ndikupita anavala chikhoti n'kunena kuti andiperekeza. "Mayi, musavutike, kukuzizira," ndinatero, koma anali atatsogola kale. Tinadutsa pa kachipata kamwala kulowa pabwalo la tchalitchi cha Zuiderkerk, n'kundionetsa chikwangwani pakhoma. Mu 1945 tchalitchichi chinali mosungira mitembo, poti akufa anachuluka ndipo matabwa a mabokosi kunalibe. Anandigwira pamkono, n'kubwerera ku nyuzipepala yawo.

Pa nthawi ya zipolowe Van der Elsken anali atasamuka. Zithunzi za m'buku lija n'za nthawi yapakati, eni dera atachotsedwa, otsutsa asanadzuke.

Usiku pobwerera ndinapezeka ndili m'timisewu ta kumadzulo kwa bwaloli, ta mawindo a nyali zofiira, magulu a anyamata oledzera akukuwa. Kujambula kumeneko salola, ndiye kamera ndinaibisa m'jekete. Ndinachita mantha mpaka nditaona nsanja za siteshoni.

Loweruka, Bijlmer

Metro nambala 53 imachoka pa Centraal, kudutsa pansi pa Nieuwmarkt, n'kutulukira pamtunda kulowera kum'mwera chakum'mawa. Ndinafuna kuona komwe njanji yogwetsa nyumba ija inkathamangira. Patapita mphindi pafupifupi 20 ndinatsika pa Ganzenhoef.

Dera limeneli, Bijlmermeer kapena mwachidule Bijlmer, linamangidwa kuti likhale yankho la nyumba zowola za pakati pa mzinda: midadada 31 yaitaliitali yopindika m'makona, nyumba pafupifupi 13,000, zazikulu, zowala, za bafa ndi zotenthetsera, magalimoto akuyenda pa misewu yokwezeka, pansi pali udzu ndi madzi. Oyamba analowa mu 1968. Koma metro inafika mu 1977, mashopu anachedwa, lendi inali yokwera, ndipo mabanja omwe anawamangira anakonda tinyumba ta kadimba ku Purmerend ndi ku Almere. Analowamo ndi omwe kwina ankamanidwa nyumba, makamaka ochokera ku Suriname dziko lawo likulandira ufulu kwa Adatchi mu 1975, kenako a ku Antilles ndi a ku Ghana. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 nyumba imodzi mwa zinayi zilizonse inali yopanda munthu, zikepe zikuonongeka, makonde aataliatali a m'kati ali m'manja mwa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Mzinda unathawa mabwinja akale n'kukapeza atsopano pasanathe zaka 20.

Pa 4 Okutobala 1992 ndege yonyamula katundu ya kampani ya ku Israel ya El Al inagwera pa midadada iwiri, Groeneveen ndi Klein-Kruitberg, n'kupha anthu 43. Ndinakafika pa mtengo womwe unapulumuka pamalopo, pomwe anthu anayamba kusiya maluwa ngoziyo itangochitika. Lero pazungulidwa ndi timiyala tamitundumitundu toyala ndi anthu a m'deralo. Midadada yambiri inagumulidwa pambuyo pake, pamalo pake pali nyumba zazifupi. Ingapo yatsala, yokonzedwa bwino.

Komatu lero ndi lomwe ndasangalala kwambiri. Pamsika pali chinangwa, zilazi, therere, nthochi zophika, nsomba zouma, tsabola wowawa. Zilankhulo za ku Ghana ndi za ku Suriname zikumveka paliponse, ndipo palibe anandicheukira. Mayi wa ku Ghana wa pashopu ina anandigulitsa ufa woyera wa chimanga mayuro 3 ndi therere la mayuro 2. Atamva kuti ndine mlendo ndipo ndikudya za m'mapepala chifikire, anaonjezera tomato ndi anyezi osandilipiritsa. "Achimwene, kaphikeni mudye, chisanu cha kuno sichifuna munthu wa njala," anatero.

Nsima ndaphikira m'khitchini ya pogona pathu, ndi supuni yathabwa yaifupi poti mthiko kulibe. Mnyamata wa ku Brazil wa bedi la pamwamba panga walawa, n'kupemphanso ina.

Lamulungu, Edam

Basi yochokera pa siteshoni ya Noord, theka la ola, kudutsa m'minda ya udzu yodulidwadulidwa ndi timingalande, nkhosa zili mbuu. Edam ndi tauni yaing'ono, makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa Amsterdam, yotchuka ndi tchizi chobulungira. Msika wake wa alendo umachitika m'nyengo yotentha yokha, ndiye lero misewu inali zii.

Kuno n'komwe Van der Elsken anasamukira mu 1971, pa kafamu pafupi ndi chikhoma chadothi chotchinga madzi a nyanja. Sanasiye kuyenda, makamaka ku Japan, ndipo ku Amsterdam ankabwererako kukajambula achinyamata a m'misewu, tsopano ndi filimu yamitundu. Buku la 1979 lija analisanja akukhala kuno, misewu yambiri ya m'zithunzizo itagumulidwa kale. Atadwala khansa anadzijambula yekha kanema wa matenda akewo mpaka kumapeto, ndipo anamwalira pa 28 Disembala 1990 ali ndi zaka 65. Mu 2019 nyumba ziwiri zosungira zakale, Rijksmuseum ya ku Amsterdam ndi Nederlands Fotomuseum ya ku Rotterdam, zinatenga limodzi nkhokwe ya ntchito yake.

Nyumbayo sindinaifunefune, ndi pakhomo pa anthu. Ndinayenda pamwamba pa chikhoma chija kulowera ku Volendam, nyanja kumanzere, kumanja minda yomwe ili munsi kuposa madziwo. Mphepo inandibweza ndisanafike pakati.

Ndikulemba izi m'kalesitilanti, nditamwa supu ya nsawawa yolimba yoikamo soseji, mayuro 7.50. Mwini wake wandilola kutchaja foni kuseri kwa kauntala. Ndaunguza zomwe ndajambula sabata ino: makoma, misewu, zikwangwani, milatho. Anthu mulibe. Paukwati anthu amachita kukuitana kuti uwajambule, koma kuimitsa munthu wosamudziwa mumsewu wa dziko la eni ndakhala ndikuopa. Dzulo ndinalimba mtima n'kupempha mayi wa ufa uja, ndipo anavomera. Anati ndifike mawa cha m'ma 9 koloko makasitomala asanachuluke, avala nsalu yawo yabwino, ndipo ndijambulenso mwana wawo wamkazi amene amawathandiza pashopu. Basi ya ku London ndi yamadzulo, nthawi ikwana.